Wodziwa khodi kuposa tonse akuthawitsa anzathu pa GitHub, ndichite naye bwanji?

Mphunzitsi_waChamama

Abale, ndithandizeni maganizo, makamaka inu amene munagwirapo ntchito m'mapulojekiti a open source aja, a khodi yoti aliyense atha kuiona ndi kuisintha, osalandirako kanthu.

Ndine mphunzitsi wa masamu kuno ku Kasungu, cha ku Chamama. Ine ndi anzanga ochepa tinapanga kapulogalamu ka pa foni kolembera ndalama za banki mkhonde: masheya, ngongole, chiwongoladzanja, zindapusa za obwera mochedwa, mpaka kuwerengera gawo la aliyense pa tsiku logawana. Amene munakhalapo pa kugawana kwa mu December mukudziwa momwe zimakhalira. Mlembi wawerama pa kope lothimbirira, kalikyuleta ikuyenda dzanja ndi dzanja, dzuwa n'kulowa nambala zisanagwirizane, wina n'kuyamba kumuyang'ana msungichuma ndi diso lofiira. Khodi yonse ili pa GitHub, webusaiti yosungirapo khodi, laisensi yake ndi MIT, yolola aliyense kuitenga ndi kuisintha, ndipo repo, nkhokwe ya khodiyo, ili m'dzina langa poti ndine ndinayambitsa.

Ogwira ntchito enieni tilipo anayi. Mayina sinditchula. Woyamba ndi mnyamata wa konkuno amene ali pa ntchito ya khodi ku Johannesburg, tingomutcha Wakujoni. Kunena mosabisa, khodi yambiri ndi yake, ndipo ndi yabwino. Akaunti ya Play Store analipira ndi iyeyo, madola 25 aja, chifukwa enafe tilibe khadi yolipirira kunja. Wachiwiri ndi abambo ena opuma pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Iwowa khodi saidziwa ngakhale pang'ono, koma ndi amene amapalasa njinga kupita kumagulu, kukhala pa mphasa ndi amayi, kuona pomwe chala cha mlembi chikukakamira, n'kubwera kudzatiuza. Wachitatu ndi mtsikana wophunzira za makompyuta ku Lilongwe, amene analowa chaka chino. Wachinayi ndine.

Mkangano unayambira pa nkhani ya intaneti. Wakujoni amafuna kuti gulu lililonse likhale ndi akaunti, zolemba zonse zizipita pa seva. Alangizi anakana, amvekere kumene amayi amakumanirako netiweki imapezeka pa chulu pokha, komanso foni ya mlembi nthawi zambiri ndi ya amuna ake, bandulo mulibe. Tisanagwirizane chilichonse, Wakujoni anakhalira Loweruka ndi Lamlungu kusintha zonse, n'kuponya ku main, khodi yeniyeni imene imapita kwa anthu, popanda wina kuona, n'kutulutsa update. Foni ya alangizi inaitenga update ija iwo ali pa boma, osadziwa. Lachinayi afika pa gulu lina, amayi akhala bwinobwino, bokosi lili pakati, atsegula pulogalamu, ikuwafunsa imelo ndi pasiwedi, kachizindikiro kakungozungulira. Amayi anaseka, natulutsa kope lawo. Bambo aja analemba dandaulo pa issue, tsamba la pa GitHub lolembapo mavuto, m'Chichewa chaulemu, mpaka moni poyamba. Yankho la Wakujoni linabwera m'Chingerezi, loti anthu osadziwa khodi asamalowerere pa za kamangidwe ka pulogalamu.

Chachiwiri ndi chomwe chandiwawa kwambiri. Mtsikana uja anapeza vuto lenileni. Poti makobidi sapezekanso, pulogalamu inkakweza gawo la munthu aliyense kuti lifike pa K50 yathunthu, ndiye ukaphatikiza magawo onse ankaposa ndalama zomwe zili m'bokosi. Womaliza kulandira ndiye akanaperewera, ndipo mlandu ukanagwera msungichuma. Iye anakonza, anaikapo ndi ma test, natumiza pull request yoyamba m'moyo wake, pempho loti kukonza kwakeko kulowe mu main. Wakujoni anayankha mzere umodzi wokha: "Kodi kusukulu kwanuko akukuphunzitsani chiyani?" ndi kankhope koseka, natseka. Sipanapite nthawi, analowetsa kukonza komweko m'dzina lake, atangosintha mayina a ma variable. Mtsikanayo sanayankhe. Tinangoona pa WhatsApp kuti watuluka m'gulu.

Mphamvu yomuchotsa ndili nayo, ndi batani limodzi. Koma ndikatero, pulogalamu ikadzavuta akonze ndani, poti ine khodi yanga ndi ya usiku nditamaliza kuchonga mapepala a ana? Ndikakhalanso chete titsala awiri, iye ndi ine, tikupangira amayi chinthu chimene amayiwo asiya kugwiritsa ntchito. Anzathu a mapulojekiti akuluakulu amatani naye munthu wotereyu?

NaPhiri_Area25

Aphunzitsi, pepani ndi zimenezi. Ine ndiyankha mosapsatira mawu. Munthuyo wakuthawitsirani kale mmodzi, wina wamuchititsa manyazi pamaso pa amayi, ndiye musamangowerengera zomwe mungataye akachoka. Werengeraninso zomwe mukutaya iye ali pomwepo.

Zoti "ndi waluso, tingomusiya" si zachilendo. Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux mu 1991, anakhala zaka zambiri akulalatira anthu pa maimelo a pagulu, ambiri n'kumamuikira kumbuyo kuti bola khodi ikuyenda. Mu 2015 Sage Sharp, amene ankasamalira driver ya USB 3.0, anasiya ntchito ya kernel, phata la Linux, chifukwa cha kalankhulidwe kotereka. Mu September 2018 Torvalds yemweyo analemba kalata yopepesa, napita kukapuma kwa milungu ingapo, Greg Kroah-Hartman n'kutsala akumalizitsa version 4.19 ya Linux. Nthawi yomweyo Linux inatenga malamulo a khalidwe ochokera ku Contributor Covenant, imene Coraline Ada Ehmke analemba mu 2014. Linux ikadalipobe. Ngati anthu anakwanitsa kumuuza Torvalds kuti apa mwaonjeza, nanga wa ku Joni wanuyo ndi ndani?

Koma pakamwa pake si vuto lokhalo. Lalikulu ndi loti munthu mmodzi anatha kuponya ku main yekhayekha n'kufikira foni ya alangizi popanda womuimitsa. Zimenezo musazitenge ngati za khalidwe, ndi za ma settings. Lowani mu repo, ikani branch protection pa main, kuti chilichonse chizidzera pa pull request ndipo munthu wina avomereze kaye. Chongani kuti lamulolo likhudzenso ma admin, kutanthauza inu nomwe. Pa repo ya poyera n'zaulere. Amayi anuwo anazidziwa kalekale izi: bokosi la banki mkhonde limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, wosunga bokosi alibe kiyi. Palibe amakwiya kuti amuyesa mbava, poti lamulo ndi la onse.

Chinanso, nkhani ya seva munkakambira kuti? Ndikukayika kuti ina munakamba pa foni awiri, ina pa WhatsApp, ina pa issue, aliyense n'kuchoka ndi yake. A Apache Software Foundation amati chomwe sichinakambidwe pa maimelo a pagulu a pulojekiti sichinachitike. Amavota ndi +1, 0 ndi -1, amadikira maola 72 kuti wakutali naye aone, ndipo woika -1 pa khodi ayenera kupereka chifukwa chokhudza ntchitoyo, apo ayi kukana kwake sikuwerengedwa. "Kusukulu akukuphunzitsani chiyani" si chifukwa. Akanalemba kuti "apa gulu likakhala ndi membala wopanda masheya tigawa ndi ziro, taonaninso mzere uwu," mwanayo akanakonza usiku womwewo, n'kuphunzirapo kanthu. Kwa inu maola 72 amenewo ndingawatalikitse kufika sabata, poti mwina alangizi amaona mauthenga akapita pa boma. Lembaninso poyera kuti +1 wa alangizi ndi wofanana ndi wa wolemba khodi pa chilichonse chimene mlembi wa gulu aziona pa sikirini, komanso kuti Chichewa n'chololedwa pa ma issue. Bambo wamkulu walemba Chichewa, iwe n'kumuyankha m'Chingerezi pomwe unakulira nsima ya konkuno, tonse tikudziwa chimene unkafuna kusonyeza.

Mkanda_Mapu

Achemwali a ku Area 25 anena zoona zambiri, koma pa malamulo a khalidwe ndisiyana nawo pang'ono. Mukakopera pepala la Chingerezi n'kuliika mu repo ya anthu anayi sabata yomwe ino, palibe aliwerenge ngati lamulo. Aliyense adziwa kuti ndi chisamani cha munthu mmodzi, ndipo iye aona kuti mwamuyalutsa. Komanso pepalalo limati wolakwiridwa akadandaule kwa oyang'anira. Kwanuko oyang'anira ndi ndani? Ndi inu nomwe, mnzake wa wodandauliridwayo. Ku Rust, pulojekiti ya chilankhulo cholembera khodi, komwe kuli anthu ambirimbiri ndi malamulo olembedwa bwino, gulu lonse loyang'anira khalidwe linatula pansi udindo mu November 2021, likudandaula kuti akuluakulu a pulojekiti palibe amene angawafunse.

Ine ndingayambe ndi foni. Muimbireni, osati voice note, madzulo ataweruka, ndipo musayambe ndi mlandu. Mufunseni kuti ntchitoyi ikumuyendera bwanji. Ndikutero chifukwa munthu amene amalembera abwana khodi tsiku lonse, n'kudzalembanso usiku kwaulere, n'kulipira akaunti, n'kumangolandira mauthenga oti "sikugwira", amatopa, ndipo kutopa kwina kumatuluka ngati mwano. Sindikumuikira kumbuyo ayi. Zomwe anamuchita mtsikanayo ndi kuba, palibe dzina lina. Koma kumbukirani za xz, kapulogalamu kopanikizira mafayilo. Lasse Collin anasamalira kapulogalamu kameneko kwa zaka zambiri, pafupifupi yekha, osalipidwa. Mu 2022 maakaunti ena anayamba kumupanikiza pagulu kuti akuchedwa, apereke ntchito kwa wina, iye n'kuyankha kuti sakupeza bwino m'maganizo. Mapeto ake mphamvu zinapita kwa wina wodzitcha Jia Tan, amene anabisamo njira yachinsinsi yolowera m'maseva a anthu. Anachigwira ndi Andres Freund mu March 2024, ataona kuti kulowa pa SSH, njira yolowera m'kompyuta yakutali, kukuchedwa ndi theka la sekondi basi. Guido van Rossum naye anatula utsogoleri wa chilankhulo cha khodi cha Python mu July 2018 atatopa ndi mkangano wa PEP 572, ganizo losintha kalembedwe kena m'chilankhulocho, ndipo ndi pomwe anayamba kusankha anthu asanu otsogolera m'malo mwa mmodzi. Inu katundu yense mwamusenzetsa mnyamata mmodzi, iyenso wazolowera kuti popanda iye palibe chiyende. Zonse ziwirizo zikufunika kutha.

Pa za seva sanalakwe zonse. Kuno ku Mchinji mafoni amabedwa tsiku la msika, ena amagwera m'madzi mu January. Foni ya mlembi ikasowa mu October, zolemba za chaka chonse zapita, ndipo kope analisiya chifukwa chokhulupirira inu. Vuto limene iye akuliona ndi loona, la alangizi nalonso ndi loona. Pulogalamu izigwira ntchito zonse popanda netiweki, kusunga pa seva kukhale kwa ofuna, foni ikafika pomwe netiweki ilipo. Mukamuuza kuti ganizo lake mwalimva, zowawa zinazo azimeza mosavuta.

Ine ndimajambula mapu pa OpenStreetMap, ndipo timakangana kwambiri ndi anzathu akutali amene amajambula poona zithunzi za satelayiti. Wina anaikapo msewu wa galimoto pamene ife tikudziwa kuti ndi dambo, mvula ikagwa ngakhale ngolo sidutsa. Lamulo lathu ndi loti zimene zili pansi, zimene munthu angapite n'kukaona ndi maso, ndiye zimapambana. Timayamba talemba ndemanga pa changeset yake, zimene wasinthazo, mwaulemu, zikakanika mpamene nkhani imapita ku Data Working Group, gulu loweruza mikangano ya mapu. Kwanuko amene ali pansi ndi alangizi aja.

NaPhiri_Area25

Achimwene a ku Mkanda, za foni sindikukana. Chomwe ndimaopa ndi chizolowezi chathu chothetsa nkhani kuseri, akuluakulu awiri n'kugwirana chanza, amene ananyozedwa osamva kalikonse. Imbani, koma zimene mwagwirizana zilembedwe pa issue, aliyense aone. Ndipo pepala la malamulo lisakhale lokopera. Mizere isanu ya Chichewa ikwana: tikambira kuti, avomereze ndani, ndemanga ikhudze khodi osati munthu, wopeza vuto dzina lake lilembedwe, wolakwiridwa auze ndani. Pa lomalizali ikani alangizi, osati aphunzitsi.

Chinkhoma265

Musaope mawu oti fork, kutanthauza kupatukana, aliyense n'kupitiriza ndi khodi yake. Laisensi ya MIT ikumulola kutenga khodi n'kupitiriza njira yake ya seva, inunso ikukulolani chimodzimodzi. LibreOffice inabadwa choncho mu 2010 kuchokera ku OpenOffice, anthu atataya chikhulupiriro Oracle itagula Sun, kampani imene inali mwini OpenOffice, ndipo lero ndi imene ikuyenda kuposa OpenOffice. Ena amapatukana n'kubwererana. A io.js anachoka ku Node.js kumapeto kwa 2014 posakondwa ndi kayendetsedwe ka kampani ya Joyent, mu 2015 n'kugwirizananso pansi pa Node.js Foundation.

Koma aphunzitsi, inu mukuyesa kuti makiyi ali ndi inu. Ali ndi iye. Repo ndi yanu, inde, koma akaunti ya Play Store ndi zosainira APK, fayilo yoikira pulogalamu pa foni, zili m'manja mwake. Android silola kuika update yosainidwa ndi kiyi ina pamwamba pa pulogalamu yakale. Mukapatukana mawa, amayi adzayenera kuchotsa yakaleyo kuti aike yanu, ndipo pochotsapo masheya ndi ngongole zonse zimafufutika. Ndiye musanakwezerane mawu, pemphani kuti muikemo batani lotulutsa zolemba zonse mu fayilo ya CSV, yoti mlembi atha kutumiza pa WhatsApp kapena pa Bluetooth, ndi lina lozibwezeretsa. Iye sangakane, poti ndi backup yomwe akuilirayo. Kenako akuonjezereni pa Play Console, poyendetsera akaunti ya Play Store. Zimenezi zikatheka, kanganani momasuka. Magulu ayandikira kugawana, ino si nthawi yoseweretsa ndalama za anthu.

Tadala_py

Ndawerenga zonse, ndipo ambiri mukukamba za momwe mungamusungire Wakujoniyo. Nanga mtsikanayo? Ine zofanana zinandichitikirapo pa pulojekiti ina, ndiye ndikuuzeni chomwe sichithandiza: kumuimbira mwamseri n'kumuuza kuti "usadandaule, ndi mmene alili". Anamunyoza poyera, pa tsamba limene aliyense wofuna kumulemba ntchito angatsegule. Kwa ife amene tikumaliza sukulu, GitHub ndiye CV. Pakali pano pa dzina lake pali pull request yotsekedwa, pansi pake funso lachipongwe, pomwe ntchito yake ili mu main m'dzina la wina.

Pitani pa pull request yomweyo, lembani inuyo monga mwini repo kuti vutolo analipeza ndi iye, kukonza kwake kunali kolondola, ndipo ndemanga ija sinali yoyenera. Musaifufute mwakachetechete ngati sizinachitike. Dzina lake lilowe pa changelog, mndandanda wa zosintha, ya release imeneyo. Mukatero mudziwitseni, koma musamukakamize kubwerera. Ndipo chonde musatume alangizi kukamunyengerera. Poti ndi akulu sangawakanire, abwerera chifukwa cha ulemu, mtima uli kwina.

Mphunzitsi_waChamama

Zikomo nonse. Ndinayamba ndi kulemba pa pull request ya mtsikana uja monga ananenera a Tadala, kenako ndinaimba ku Johannesburg. Branch protection ndinaika titamaliza kulankhula, iye akudziwa.

A Mkanda munalasa. Wakujoni anayamba n'kudandaula kuti chilichonse chikavuta timayang'ana kwa iye, ngakhale pakati pa usiku. Kenako anaulula chomwe chinamuthamangitsira ku seva: gulu la azakhali ake ku Santhe, foni ya mlembi inabedwa m'minibasi, zolemba zonse n'kupita, anthu n'kuyamba kukumbutsana ngongole pamtima. Zimenezi sanazitchulepo pa issue, akanatero bwenzi alangizi atamumva. Pamenepa tagwirizana. Login yachotsedwa, tabwerera ku version yakale, ndipo batani la CSV wayamba kulemba yekha. Mizere isanu ya a NaPhiri ndailemba, ili pa issue, tikudikira alangizi aione.

Pa za mtsikana ndiye tavutana. Akuti khodi ija inali ndi zolakwika, iye anangoikonza. Nditamufunsa kuti bwanji sanazitchule kuti mwini wake akonze yekha, anakhala duu, kenako amvekere netiweki ikudula. Kupepesa sanapepese. Ndamuuza kuti mpaka atalembapo kanthu pa pull request ija, ntchito ya anthu atsopano ndiziwunika ine, iye aziona yanga yokha. Sanakondwe, koma sanachoke. Mtsikanayo wangoyankha kuti "zikomo aphunzitsi", m'gulu sanabwerere. Alangizi akuti apitanso ku gulu lija Lachinayi, koma zolemba ziziyenda pawiri, pa foni ndi m'kope, mpaka atagawana.

Kwatsala za Play Console. Wakujoni wati andiika ngati admin, koma akaunti ikhalabe m'dzina lake poti analipira ndi iye. A Chinkhoma, zimenezo n'zokwanira, kapena tisonkhe titsegule yathu?

Chinkhoma265

Pakadali pano landirani u admin umenewo, koma dziwani kuti mwini akaunti atha kukuchotsani tsiku lililonse. Akaunti ya bungwe Google imafuna nambala ya D-U-N-S, yozindikiritsa mabungwe ndi makampani, ndipo inu simunalembetse kulikonse, ndiye njira yapafupi ndi kutsegula ina m'dzina lanu, n'kumubwezera madola ake 25 kuti nkhani ya "ndinalipira ine" ithe. Pulogalamu imatheka kusamutsidwa kuchoka ku akaunti ina kupita ku ina popanda amayi kuchotsa chilichonse pa foni, koma pempho lake liyenera kuchokera kwa mwini akaunti yakaleyo. Muuzeni panopa mukulankhulana, ndipo kusamutsako muchite mu January, magulu atagawana kale.